Garratt: mutu wa sitima wa injini ziwiri umene unagonjetsa mapiri a Mutare

MUTARE - Pakati pa anthu okonda makina a njanji, palibe mutu wa sitima umene umautsa mtsutso ngati wa mtundu wa Garratt. Ena amautama kuti ndiwo unali luso lalikulu koposa pa sitima zoyendera nthunzi mu Africa, pomwe ena amati mphamvu zake zinali ndi zofooka zimene ochemerera safuna kuzitchula. Mbiri ya injiniyi m'dziko la Zimbabwe inayambira pa njanji yochokera ku doko la Beira, ku Mozambique, kukwera ku Mutare.

Vuto la mapiri

Mzinda wa Mutare, umene mpaka chaka cha 1982 unkatchedwa Umtali, uli pomwe ulipo lero chifukwa cha njanji. Mudzi woyamba wa atsamunda unali kuseri kwa phiri la Christmas Pass, koma zitaoneka kuti sitima singakwere kumeneko, anausamutsa kuti ukumane ndi njanji. Sitima yoyamba yochokera ku Beira inafika mu February 1898.

Njanjiyo inali yopapatiza, ya mamilimita 610 okha, ndipo inkayendedwa ndi timitu tating'ono totchedwa Lawley. M'chaka cha 1900 anaikuza kufika pa mamilimita 1,067, muyeso umene ukugwira ntchito m'chigawo chino mpaka lero. Koma kukuza njanji sikunaphwetse mapiri. Beira ali m'mbali mwa nyanja pomwe Mutare ali pamtunda woposa mamita 1,000, ndipo njira yake ndi yokhotakhota, ya zitunda zazitali. Mutu waukulu wamphamvu unkalemera kwambiri pa zitsulo zopepuka ndi pa milatho, komanso sunkatha kukhota bwino. Mutu waung'ono unkakhota koma sunkakoka mabogi ambiri.

Kapangidwe kake

Yankho linachokera kwa Herbert William Garratt, katswiri wa ku Britain, amene analembetsa luso lake m'chaka cha 1907. Kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester ndiyo inalitenga, ndipo mitu yoyamba inapangidwa mu 1909 kupita ku chilumba cha Tasmania.

Pa mutu wamba wa sitima, boyila, yomwe ndi chimphika chowiritsira madzi, imakhala pamwamba pa magudumu. Garratt anaichotsa pamenepo naipachika pakati pa injini ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, monga momwe anthu awiri amanyamulira katundu pa mtengo. Injini ya kutsogolo imasenza thanki ya madzi, ya kumbuyo imasenza malasha, ndipo iliyonse imatembenuka payokha potsata kukhota kwa njanji.

Zotsatira zake zinali zitatu. Popeza pansi pa boyila palibe magudumu, ng'anjo imatha kukhala yakuya ndi yotakata, choncho imatulutsa nthunzi yochuluka. Kulemera kumagawanika pa magudumu ambiri, motero njanji yopepuka siphwanyika. Chachitatu, mutuwo umathamanga chimodzimodzi popita kutsogolo ndi pobwerera m'mbuyo.

Magulu otchuka

Mitu 12 yoyamba ya Garratt, yotchedwa gulu la 13, inayamba ntchito pa njanji ya Beira ndi Mutare m'chaka cha 1926. Magudumu ake ankalembedwa kuti 2-6-2+2-6-2, kutanthauza kuti injini iliyonse inali ndi magudumu awiri otsogolera, asanu ndi limodzi okoka, ndi awiri otsatira. Zitaoneka kuti ikugwira ntchito, kampani ya Rhodesia Railways inapitiriza kuitanitsa, mpaka inakhala ndi mitu ya mtunduwu pafupifupi 250. Ndi South Africa yokha imene inaiposa.

Gulu la 15, la magudumu 4-6-4+4-6-4, ndilo limakondedwa kwambiri. Mitu 74 inapangidwa pakati pa 1940 ndi 1952, ndipo magudumu ake akuluakulu anaichititsa kukhala yaliwiro, yoyenera sitima zonyamula anthu. Gulu la 20, la mitu 61 yopangidwa pakati pa 1954 ndi 1958, linali la katundu wolemera. Mutu umodzi unkaposa matani 220, ndipo malasha ankalowetsedwa m'ng'anjo ndi makina chifukwa munthu wa fosholo sakanakwanitsa.

Antchito ambiri a njanjizi anali ochokera ku Malawi. Njanji ya Trans-Zambezia, yolumikiza Malawi ndi Beira, inakumana ndi ya ku Mutare pa Dondo kuyambira 1922, ndipo mabanja ena a Amalawi anakhazikika ku Sakubva ndi m'makomboni ena a m'mbali mwa njanji.

Pomwe pagona mtsutso

Otsutsa amayambira pa madzi ndi malasha. Kulemera kwa zinthu ziwirizi ndiko kumathandiza magudumu kugwira njanji. Ulendo ukamapitirira, thanki imapepuka, ndipo magudumu angayambe kuterereka pa chitunda, nthawi yomwe mphamvu ikufunika koposa. Amatchulanso mapaipi ataliatali otengera nthunzi ku injini ziwirizo, amene mfundo zake zimayenera kupindika popanda kudontha, ntchito yofuna amakaniki aluso. Iwo amakumbutsa kuti makampani akuluakulu a njanji ku America sanagule Garratt. Anasankha luso la Anatole Mallet, limene linabala mitu ikuluikulu monga Big Boy ya kampani ya Union Pacific mu 1941.

Ochemerera amayankha kuti kufanizira kumeneko n'kosalungama. Njanji za ku America zinali zotakata, za zitsulo zolemera, zomangidwa ndi ndalama zambiri. Garratt inapangidwira njanji yosauka, ndipo inathandiza kunyamula katundu wochuluka popanda kumanganso milatho kapena kumangirira mitu iwiri pa sitima imodzi, zomwe zikanafuna oyendetsa awiri ndi osonkha moto awiri.

Malasha kapena dizilo

Mtsutso wachiwiri ndi wa mafuta, ndipo nawonso unaonekera ku Mutare. Mzindawu uli kutali ndi migodi ya malasha ya ku Hwange, choncho njanji ya pakati pa Mutare ndi Harare inali m'gulu la zoyamba kulandira mitu ya dizilo m'zaka za m'ma 1950. Dizilo safuna madzi m'njira ndipo sachedwa kulizidwa, koma amagulidwa kunja.

Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wosavomerezeka mu November 1965, dziko linaikidwa pa chilango cha zachuma, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Feruka, pafupi ndi Mutare, inaima mu 1966. Mozambique inatseka malire mu March 1976. Mafuta atakwera mtengo ndi kusowa, akuluakulu a njanji anabwerera ku malasha a m'dziko momwemo. Pofika 1983, mitu 87 ya Garratt inali itakonzedwanso ku Bulawayo, ndipo ina inapatsidwa mayina a Chindebele a mbalame ndi nyama. Bungwe la National Railways of Zimbabwe linaigwiritsa ntchito pa maulendo aatali mpaka 1993, ndipo alendo ankachokera ku Ulaya kudzaijambula.

Zomwe zatsala

Nyumba yosungiramo za njanji ya ku Bulawayo, yomwe inatsegulidwa mu 1972, imasunga mitu ya Garratt pamodzi ndi umodzi wa timitu ta Lawley. Nyumba yosungiramo zakale ya Mutare, yomwe inatsegulidwa mu 1964, ili ndi gawo la zamtengatenga lokhala ndi magalimoto akale, njinga zamoto ndi makina oyendera nthunzi.

Mitu yambiri inadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo kampani ya Beyer, Peacock inatseka mu 1966, kotero chipangizo chikathyoka chimayenera kusulidwa ndi manja. Pamfundo iyi mbali zonse za mtsutso zimagwirizana: chitsulo chingathe kudikira pansi pa denga, koma amisiri odziwa kukonza boyila ndi kusonkha moto pa chitunda akukalamba, ndipo achinyamata ophunzira kwa iwo ndi ochepa.