Thomas Rongen: mbiri ya mphunzitsi amene anachotsa manyazi pa timu yotsiriza pa dziko lonse

Thomas Rongen anabadwira mumzinda wa Amsterdam, m'dziko la Netherlands, pa 31 October 1956. Anakula pa nthawi imene mpira wa dzikolo unkadabwitsa anthu: timu ya Ajax inatenga chikho cha makalabu a ku Ulaya katatu motsatizana, kuyambira 1971 mpaka 1973, ndipo timu ya dziko inafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse mu 1974. Iye sanali mmodzi wa akatswiri amenewo. Ankasewera kumbuyo ndi pakati mu kalabu ya Amsterdamsche FC, imene siinali ya osewera olipidwa. Chimene anatola kwawo ndi maseweredwe a Adatchi, akuti wosewera aliyense adziwe ntchito ya mnzake ndipo mpira uziyenda pansi, kuchoka phazi ili kupita phazi lina.

Mwayi unamupeza mu 1979. Rinus Michels, mphunzitsi amene anaumba Ajax ija, anali atapita ku America kukaphunzitsa Los Angeles Aztecs mu ligi ya NASL, ndipo Rongen anakalowa timu yomweyo. Kumeneko anasewera limodzi ndi Johan Cruyff, ndipo awiriwa anakumananso ku Washington Diplomats mu 1980. Kwa mnyamata wa zaka 22 wochokera ku kalabu yaing'ono, imeneyi inali sukulu yosowa. Kuyambira 1981 anasewera ku Fort Lauderdale Strikers, m'chigawo cha Florida, ndipo timuyo itasamukira ku Minnesota mu 1984 anasamuka nayo. Chaka chomwecho chitatha ligi ya NASL inagwa chifukwa cha mavuto a ndalama. Osewera ambiri akunja analongedza katundu n'kubwerera kwawo. Rongen anatsala.

Zaka zotsatira zinali za chilala pa mpira wa ku America, popeza kunalibe ligi yaikulu. Rongen anaphunzitsa ana a sukulu za sekondale ku Florida, kenaka timu ya pa yunivesite ya Nova, komanso Fort Lauderdale Strikers yatsopano, imene inatenga ukatswiri mu 1989. Pano m'pamene luso lake lenileni linaonekera. Anali munthu wolankhula mokweza, wosachedwa kupsa mtima, koma wodziwa kuphunzitsa achinyamata zinthu zoyambira.

Ligi ya MLS itayamba mu 1996, anapatsidwa Tampa Bay Mutiny. Pakati panali Carlos Valderrama wa ku Colombia, wa tsitsi lachikasu lija, ndipo kutsogolo kunali Roy Lassiter, amene anamwetsa zigoli 27 chaka chimenecho. Mutiny inatsogola pa matimu onse m'masewero a ligi, ndipo Rongen anasankhidwa mphunzitsi wopambana wa chakacho. Ku New England Revolution, kumene anapita mu 1997, zinthu sizinayende bwino. Mu 1999 analowa m'malo mwa Bruce Arena ku D.C. United, ndipo ndi osewera monga Marco Etcheverry ndi Jaime Moreno anatenga chikho cha MLS atagonjetsa Los Angeles Galaxy 2-0. Ena ankati anangokolola zimene Arena anadzala, ndipo zaka ziwiri zotsatira zinawapatsa mphamvu olankhula choncho, chifukwa timuyo inalephera kulowa ndime ya chipulula. Anachoka mu 2001. Mu 2005 anapatsidwa Chivas USA, kalabu yatsopano ya ku Los Angeles, koma anachotsedwa pampando atatsogolera masewero 10 okha.

Ntchito imene anakhalitsa nayo ndi ya timu ya America ya anyamata osapitirira zaka 20, imene anaiphunzitsa maulendo awiri pakati pa 2001 ndi 2011. Mu 2003, ku United Arab Emirates, anaifikitsa mu ndime ya matimu 8 ya mpikisano wa dziko lonse. Mu 2007, ku Canada, anyamata ake anakwapula Poland 6-1, anagonjetsa Brazil 2-1, anatulutsa Uruguay, n'kudzagwa m'manja mwa Austria. Clint Dempsey, Michael Bradley, Jozy Altidore ndi Freddy Adu onse anadutsa m'manja mwake. M'zaka zomwezi, mu 2004, mwana wamkazi wa m'banja lake, amenenso ankasewera mpira ku yunivesite, anamwalira pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 19. Mu 2011 timu yake inagonja kwa Guatemala n'kulephera kupita ku mpikisano wa dziko lonse, ndipo ntchito inatha.

Chaka chomwecho bungwe la mpira la American Samoa, zilumba zazing'ono za m'nyanja ya Pacific zimene zili pansi pa ulamuliro wa America, linapempha thandizo la mphunzitsi. Timuyi inali yotsiriza pa mndandanda wa FIFA. Inali isanapambanepo masewero ovomerezeka ndi bungwelo, ndipo dziko lonse linkaidziwa ndi chinthu chimodzi: pa 11 April 2001, ku Coffs Harbour, Australia inaithira zigoli 31 kwa duu, Archie Thompson yekha n'kumwetsa 13. Rongen anafika kutatsala masabata atatu okha kuti masewero odzigulira malo mu chikho cha dziko lonse cha 2014 ayambe.

Osewera amene anawapeza sanali olipidwa. Ena anali ana a sukulu, ena ankagwira ntchito zosiyanasiyana, ndipo ankabwera ku bwalo ntchitoyo isanayambe kapena ataweruka. Anawalimbitsa matupi, anawaphunzitsa kuima pamodzi potchinga, ndipo anafufuza anyamata a magazi a ku Samoa okhala ku America. Chachikulu koposa, anaitanitsa Nicky Salapu, goloboyi amene anatola mipira 31 ija mu ukonde, yemwe pa nthawiyo ankakhala ku Seattle ndipo chipongwe cha tsiku lija chinali chikumudyabe mumtima. Anaikanso m'timu yoyamba Jaiyah Saelua, wotchinga kumbuyo wa gulu limene Asamoa amalitcha fa'afafine, anthu obadwa amuna amene amakhala moyo wa chikazi ndipo mwambo wa kumeneko umawalandira. Poyamba Rongen anagundana ndi zizolowezi za pachilumbapo, makamaka mapemphero ndi kuchita zinthu mosathamanga, koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kuzilemekeza.

Pa 22 November 2011, mumzinda wa Apia, American Samoa inagonjetsa Tonga 2-1. Ramin Ott ndi Shalom Luani ndiwo anamwetsa zigolizo, ndipo masewero ali pafupi kutha Saelua anachotsa mpira umene unali utatsala pang'ono kulowa m'golo. Kenaka anafanana mphamvu 1-1 ndi Cook Islands. Masewero otsiriza, ndi Samoa, anagonja 1-0 chigoli chitalowa kumapeto kwenikweni, ndipo ulendo wawo unathera pomwepo. Pa mulingo wa mpira wa dziko lonse izi n'zazing'ono, koma ndi ntchito yabwino koposa imene Rongen anagwirapo, chifukwa anthu amene ankalowa m'bwalo atagonja kale mumtima anayamba kulowa akukhulupirira kuti angapambane.

Atachoka kumeneko anayang'anira sukulu ya mpira ya Toronto FC, ku Canada, ndipo mu 2015 anaphunzitsa Tampa Bay Rowdies, kumene anachotsedwa chaka chisanathe. Kuyambira pamenepo amadziwika kwambiri ngati wothirira ndemanga pa masewero a mpira pa wailesi ndi pa kanema. Nkhani ya ku American Samoa inajambulidwa mu kanema wa zochitika zenizeni wotchedwa Next Goal Wins mu 2014, ndipo mu 2023 Taika Waititi anatulutsa filimu ya dzina lomwelo, imene Michael Fassbender anasewera ngati Rongen.