ROY WELENSKY, WOYENDETSA SITIMA AMENE ANALAMULIRA CHITAGANYA

Lero sitikamba za mbeu kapena za manyowa ai. Tikamba za Mzungu wina, dzina lake Roy Welensky, amene sanali mlimi, koma zochita zake zinafika m'minda ya makolo athu ndi pa mipando ya mafumu.

Welensky anabadwira ku Salisbury, kumene lero timati Harare, pa 20 January 1907. Atate ake anali Myuda wochokera ku Lithuania, amai ake anali a mtundu wa Mabunu, ndipo pakhomo pao panali umphawi. Analeka sukulu ali ndi zaka 14. Pambuyo pake analowa nchito ya njanji, nayamba ndi kuponya malasha pamoto wa sitima, kufikira anakhala woyendetsa. Anali munthu wathupi, ngwazi ya nkhonya m'dziko lonse la Rhodesia. Atamtumiza ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe, anatsogolera bungwe la Azungu a pa njanji, ndipo m'chaka cha 1938 anamsankha kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya Northern Rhodesia.

Taonani tsono. Munthu wokulira m'mavuto otere tikanayesa kuti adzamvera chisoni osauka onse. Koma osauka amene iye anawamenyera nkhondo anali Azungu anzake okha, kuti nchito yonga yake ya kuyendetsa sitima isagwe m'manja mwa munthu wakuda wolandira ndarama zochepa. Mantha omwewo ndiwo anamchititsa kufuna kuti maiko a kuno alumikizane pansi pa Azungu okhala kuno, asamamverenso London pa chiri chonse. Iye ndi Godfrey Huggins wa ku Southern Rhodesia anakambirana zimenezi pa msonkhano wa ku Victoria Falls m'chaka cha 1949, popanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba m'chaka cha 1953.

Wina angafunse kuti, nanga ife a m'malire sitikanakondwera? Paja Angoni a Mpezeni anagawidwa pakati, ena ku Fort Jameson, ena kuno ku Fort Manning, ndipo Chitaganya chinaika mbali zonse ziwiri pansi pa boma limodzi. Koma makolo athu ankalidziwa dziko la Southern Rhodesia ndi maso ao. Anapitako ambiri, ena pansi, ena pa galimoto za Ulere, kukagwira nchito m'minda ya fodya. Anaona chitupa. Anaona kuti lamulo la 1930 linapatsa Azungu owerengeka pafupifupi theka la nthaka yonse, ndi kukankhira eni dziko ku malo ouma. Munthu woona zotere simungamnyenge ndi mau oti "tigwirizane". M'Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya munali mipando 35, ndipo ya anthu akuda inali 6 yokha. Iwiri ya Nyasaland anakhalapo a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano.

Inu mafumu, mverani bwino apa. Mafumu a Nyasaland anatuma anzao ku London kumayambiriro kwa 1953 kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sanaloledwe kuonana naye. Pamenepo Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe, ndipo Boma linaichotsa pampando. Malamulo amenewo, a kulima mizere yopingasa ndi kuunda migula, sanali a Welensky. Anali a Boma la ku Zomba, ndipo anayamba Chitaganya chisanabwere. Koma popeza wolephera ankamlipitsa faindi, ena kuwatsekera m'ndende, anthu anawamanga mtolo umodzi ndi Chitaganya. Kukana migula kunasanduka kukana Welensky. Mizere yopingasa inalibe mlandu, imasunga madzi ndi nthaka mpaka lero. Chimene chinaiipitsa ndi chikakamizo, ndipo alangizi anavutika zaka zambiri kuti mlimi awakhulupirirenso.

Welensky anayamba ndi unduna wa za mtengatenga, ndipo mu November 1956 analowa m'malo mwa Huggins kukhala Nduna Yaikulu. Tisamnamizire kuti sanamange kanthu. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa m'masiku ake, ndi damu la Kariba linatha m'masiku ake, ngakhale Atonga oposa 50,000 anasamutsidwa m'chigwa chao. Koma chuma chambiri chinatsamira ku Salisbury.

Dr. Banda anabwera pa 6 July 1958, ndipo dziko linatekeseka. Welensky anatumiza asilikari a Chitaganya. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya ngozi, Dr. Banda anamtengera ku ndende ya Gwelo, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Woweruza Devlin, amene Boma la Britain linamtuma kudzafufuza, anapeza kuti anthu a Nyasaland pafupifupi onse sanachifune Chitaganya. Kuyambira pamenepo Welensky anangokhalira kukangana ndi nduna za ku London, nanena kuti zampereka. Chipani cha Malawi Congress chinapambana pa chisankho cha August 1961, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Iye anayesanso kulowa m'ndale za Rhodesia mu 1964, koma Azungu anzake omwe anamkana pa chisankho cha ku Arundel, nasankha munthu wa Ian Smith. Anatsutsa Smith pamene anadzilengezera ufulu mu 1965. Mu 1981 anasamukira ku England, namwalira komweko pa 5 December 1991. Njanji, imene inali nchito yake kuyambira unyamata, sinafike ku Fort Manning m'masiku a Chitaganya. Inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo inaoloka malire kukafika ku Chipata mu 2010.