Liwiro la Ng'oma m'Mbiri ya Vimbuza ku Lundazi

Boma la Lundazi, lomwe lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia ndipo limachita malire ndi boma la Mzimba la ku Malawi, ndi dera limene Atumbuka, Achewa ndi Angoni akhala moyandikana kwa zaka zoposa 150, ndipo gule wa vimbuza, amene amavinidwa pochiza munthu wogwidwa ndi mizimu, anabadwa m'kusakanikirana kumeneku. Ofufuza amati guleyu anakula chapakati pa zaka za m'ma 1800, pamene Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anagonjetsa midzi ya Atumbuka. Mizimu ya vimbuza si ya makolo a wodwalayo koma ya mitundu yachilendo, ndipo ina mwa iyo, yotchedwa vyanusi, ndi ya Angoni omwewo.

Ntchito ya ng'oma pa guleyu imamveka bwino ikayerekezedwa ndi nyimbo zovina za ku Ulaya, zimene zimaimbidwa ndi okestra, ndiye kuti gulu lalikulu la oimba ndi zipangizo. Kumeneko wopeka nyimbo amalemberatu papepala liwiro lake pamodzi ndi kiyi, lomwe ndi liwu limene nyimbo imakhazikikapo ndi kubwererako, ndipo ziwirizi n'zimene zimauza oimba ngati nyimboyo ndi yachisangalalo kapena yachisoni. Pamene wopeka nyimbo Antonín Dvořák anatulutsa magule ake a Chisilavo mu 1878, woyamba anamuika mu kiyi ya C major n'kulembapo mawu a Chitaliyana akuti presto, otanthauza kufulumira kwambiri, kotero kuti oimba a ku Prague ndi a ku London amadziwa mtima wa nyimboyo asanagwire n'komwe zipangizo zawo.

Pa vimbuza palibe amene amadziwiratu zimenezi, chifukwa kayendedwe ka ng'oma kamachita kufufuzidwa usiku womwewo m'thupi la wodwala. Mzimu uliwonse uli ndi kalizidwe kake ka ng'oma ndi nyimbo zake, choncho amuna oliza ng'oma amayesa kalizidwe aka ndi ako, amayi ndi ana atazungulira n'kumaimba ndi kuomba m'manja, kufikira wodwalayo atayamba kunjenjemera n'kudzuka kuvina. Apo m'pamene nchimi, yemwe ndi sing'anga woombeza mothandizidwa ndi mizimu, amazindikira chimene chagwira munthuyo. Wovinayo amavala mazamba, lamba wa zikopa zolendewera m'chiuno, ndi mangenjeza, timabelu tachitsulo ta m'miyendo, ndipo mlizi wa ng'oma yaikulu amayang'anitsitsa mapazi ake kuti atsatire pamene akuponda, osati kumulamula. Steven Friedson, amene anafufuza za guleyu kumpoto kwa Malawi n'kusindikiza buku lake mu 1996, anaonetsa kuti mphamvu ya ng'omazi yagona pa kugunda kuwiri ndi kugunda kutatu komveka m'nthawi imodzi, moti khutu likhoza kumva kalizidwe komweko m'njira ziwiri. Luso lotere ndi lovuta kuliika papepala, ndipo nzosadabwitsa kuti alendo ambiri a m'nthawi ya atsamunda ankangomva phokoso pamene panali dongosolo lokhwima.

Amishoni a Livingstonia, amene ntchito yawo inafika ku Chasefu m'dera la Lundazi, ankaletsa Akhristu kuvina vimbuza, ngakhale kuti mmishoni Donald Fraser wa ku Embangweni analola mayimbidwe a Chingoni kulowa m'nyimbo za tchalitchi. Chiletsocho sichinazimitse ng'oma, pakuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu ochokera ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) ndi ku Tanganyika (mbali ya Tanzania ya lero) ankakhamukira kwa nchimi Chikanga m'boma la Rumphi.

Bungwe la UNESCO linalengeza vimbuza kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005, ndipo mu 2008 linamulemba m'kaundula wake m'dzina la Malawi, ngakhale Atumbuka a ku Lundazi amavina gule yemweyo kutsidya kwa malire amene anaikidwa ndi atsamunda. Lero amavinidwanso pa zisangalalo ndi pamaso pa alendo, ndipo kumeneko, popeza nthawi imakhala yowerengeka ndiponso wodwala palibe, alizi amagwirizaniratu nyimbo ndi liwiro lake asanalowe m'bwalo.