Madzi Ofiirira a ku Worsley

Sabata ino tiyeni tiyende limodzi m'mbali mwa ngalande ya Bridgewater ku England, kuchokera m'mudzi wa Worsley mpaka mumzinda wa Manchester. Njira imene anthu amapitamo wapansi ndi panjinga lero inali ya akavalo amene ankakoka maboti ndi zingwe.

Ulendo tiuyambira pa thanthwe lotchedwa Delph, pomwe madzi amatuluka pansi pa nthaka. Kwa zaka zambiri madziwa akhala otchuka chifukwa cha kufiirira kwake, kochokera ku chitsulo cha m'miyala ya m'migodi. Mwini malowa, Francis Egerton, yemwe anali Duke wachitatu wa Bridgewater, anali ndi mavuto awiri: migodi yake ya malasha inkadzaza madzi, ndipo kutumiza malashawo ku Manchester pa akavalo kunkadya ndalama zambiri. Kapitawo wake John Gilbert pamodzi ndi mmisiri James Brindley, munthu amene kulemba kunkamuvuta, anathetsa mavuto onsewa ndi nzeru imodzi: madzi ovutitsawo anawasandutsa msewu wa malasha. Nyumba ya malamulo inavomereza ntchitoyi mu 1759, ndipo ngalande inatsegulidwa mu 1761.

Chimene maso athu sangaone ndicho chachikulu. Kuseri kwa thanthweli kuli ngalande zina za pansi pa nthaka, zotalika makilomita pafupifupi 74 zonse pamodzi. Mmenemo munkalowa maboti opapatiza otchedwa starvationers, dzina lonena za njala, akuti chifukwa nthiti zake zamatabwa zinkaonekera ngati za munthu wowonda. Mu mdima umenewo anthu ankakankha maboti odzaza malasha. M'migodi ya ku Lancashire ya masiku amenewo munkagwiranso ntchito amayi ndi ana aang'ono, ena akukwawa ndi kukoka malasha ndi unyolo womangidwa m'chiuno.

Tikafika pa Barton tipeza pamene Brindley anamanga mlatho wamiyala wowolotsa ngalande pamwamba pa mtsinje wa Irwell. Anthu ankachokera kutali kudzaona boti likudutsa pamwamba pa boti linzake. Mlathowo unagwetsedwa pokumba Manchester Ship Canal, ndipo kuyambira mu 1894 pali mlatho wachitsulo umene umatembenuka utasenza madzi olemera matani 800 kuti zombo zidutse. Ndi chinthu choyenera kuchiyimirira, ngakhale miyendo itatopa.

Ulendo uthera pa Castlefield, pakati pa nyumba zakale zanjerwa zosungiramo katundu. Ngalande itangotsegulidwa, mtengo wa malasha mu Manchester unatsika ndi pafupifupi theka. Osauka anapeza moto wootha, ndipo zimenezi sitingazichepetse. Koma malasha otchipawo anadzayendetsanso makina a fakitale za nsalu, ndipo thonje lambiri la m'fakitalezo linkalimidwa ndi akapolo ku America.

Dzina la Bridgewater lili pa ngalande, pa misewu ndi pa holo ya zoimbaimba mumzindamo. La Brindley lili m'mabuku a mbiri. Amene anakumba ndi mafosholo, napondaponda dongo lomatira pansi pa ngalande kuti madzi asalowerere, ambiri mayina awo sanalembedwe pa chipilala chilichonse. Lamulo loletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi pa migodi linabwera mu 1842, patapita zaka 81 chitsegulire ngalandeyi.