NKHOTAKOTA: TAUNI YA M'MALIRE IMENE SITIIONA NGATI YA M'MALIRE

Tikamanena za matauni a m'malire, ambiri a ife timaganiza za Mwanza, Mchinji kapena Songwe, kumene kuli zipata ndi asilikali. Koma anzanga amene tinaphunzira kuno ku Linga, kodi munayamba mwaganizapo kuti mapiri aja timawaona kutsidya kwa nyanja kunja kukacha bwino ali m'dziko la Mozambique?

Mbiri ya tauni ino yagona pa kuoloka nyanja. Cha m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anapempha malo kwa mafumu a Achewa, nakhala Jumbe woyamba. Zombo zake zamatanga zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, ndipo kuchokera kumeneko anthuwo ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Chisilamu ndi ulimi wa mpunga zinakhazikika kuno nthawi yomweyo. Mpunga timaunyadira, koma sitikonda kukumbuka kuti anaubweretsa ndi anthu omwewo amene ankagulitsa makolo athu.

David Livingstone anafika kuno mu 1861, nadzabweranso mu 1863. Mkuyu umene amati anakambirana patsinde pake ndi Jumbe tonse timaudziwa, ngakhale kuti malonda a akapolo sanathe chifukwa cha zokambiranazo. Zinthu zinasintha mu 1889 pamene Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu, ndipo iyeyu atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake sanakhalitse: Angerezi anamuchotsa namutumiza ku Zanzibar. Amishoni a UMCA anali atafika kale, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa konkuno.

Nanga malire enieniwo? Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, kotero kuti madzi onse a kutsogolo kwathu anali a Nyasaland. Mu 1954 maboma awiriwo anagwirizana kuwasunthira pakati pa nyanja, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsalabe zathu, zozunguliridwa ndi madzi a eni ake. Msodzi wa usipa mzere umenewu sauona ayi, ndipo ambiri a kuno ali ndi abale ku Metangula.

Za msonkhano wa Malawi Congress Party wa mu 1960, umene unapatsa Dr Banda utsogoleri wa chipani kwa moyo wake wonse, akuluakulu ena m'bungwe lathu lino anaonerera ndi maso ali ana. Atilembere m'kalata yotsatira.