Anyamata 36 a ku Minnesota ndi Njala Yoidziitanira

Kale m'midzi ya Achewa, mlendo akalonjeredwa ndi mawu akuti "mwanenepatu," ankasekerera, pakuti kunali kumuyamikira kuti kumene akuchokera akusungidwa bwino. Lero mdzukulu wa mlendo yemweyo, akamva mawu omwewo, amagona ndi njala mwadala nsima ili m'mbale. Mdzukulu wotereyu ayenera kumva zimene zidachitika ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto.

Mu November 1944, katswiri wina wa pa yunivesite ya Minnesota, dzina lake Ancel Keys, adasankha anyamata 36 athanzi labwino amene adakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima chawo. Cholinga chake sichinali kuwondetsa anthu ayi, koma kudziwa njira yabwino yodyetsera anthu a ku Ulaya amene nkhondo idawasiya mafupa okhaokha. Kwa masabata 12 oyamba anyamatawo ankadya mokhuta, makalori pafupifupi 3,200 patsiku. Kenaka, kwa masabata 24, chakudyacho adachidula pakati, ndipo chidangokhala mbatatesi, kabichi, buledi ndi makaroni, kwinaku akuyenda pansi makilomita 35 pasabata.

Kuwonda adawondadi, aliyense adataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Koma chodabwitsa chidachitika m'mutu. Anyamata ophunzira bwino, amene kale ankakonda kutsutsana za ndale, adayamba kusonkhanitsa mabuku ophunzitsa kuphika n'kumawawerenga usiku ngati nthano. Ankanyambita mbale popanda manyazi, ena ankathira madzi m'chakudya kuti chioneke chambiri, ndipo kachakudya kotha m'kamphindi ankakhala nako nthawi yaitali, akukakankha uku ndi uku. Adasanduka a mtima wapachala, chilakolako cha akazi chidazirala, ndipo ankamva kuzizira ngakhale m'nyengo yotentha. Mmodzi, nthawi yowonjezera chakudya itayamba kale, adadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa.

Thupi nalo lidachita zake. Litaona kuti chakudya chachepa, lidayamba kuumira: mtima unkagunda pang'onopang'ono, ndipo mphamvu zimene munthu amagwiritsa ntchito ali chigonere zidatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Thupi silisiyanitsa chilala ndi kudzimana kofuna chiuno chaching'ono. Kwa ilo zonsezi ndi njala basi.

Tsono atawamasula kuti adye mmene angafunire, zidakhala za papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Ena ankadya mpaka kudwala, nadzukanso akumva njala mimba ili ndendende. Mafuta adabwerera msanga kuposa minofu, kotero kuti patapita miyezi ingapo anyamatawo anali ndi mafuta ambiri kuposa amene adali nawo asanayambe. Apa pali yankho kwa amene amadabwa kuti amawonda m'dzinja n'kunenepa koposa m'chilimwe, nadzitcha opanda mwambo. (Wodwala shuga amene dokotala wamuuza kuti achepetse thupi pang'onopang'ono, nkhani yake ndi ina.)

Keys ndi anzake adasindikiza zimene adapeza mu 1950, m'buku la The Biology of Human Starvation. Lidachedwa kuthandiza anjala a ku Ulaya, koma madokotala othandiza achinyamata odwala anorexia, nthenda yokana chakudya poopa kunenepa, amalitsegulabe mpaka lero.