Mzere umathera pati? Mawu a Forth ndi PostScript ku Unit A

Ku Unit A, chigawo china cha Seke m'tauni ya Chitungwiza kumwera kwa Harare, mlembi wa bungwe la zamaliro, monga aja amene adzukulu a Amalawi amayendetsa m'matauni a Zimbabwe, akapita kukasindikiza mayina a mamembala, fayilo yake kawirikawiri imakhala ya PDF. PDF inatuluka mu 1993 ndipo inachokera ku PostScript, chilankhulo cha kompyuta chimene kampani ya Adobe, ya John Warnock ndi Charles Geschke, inatulutsa mu 1984. PostScript ndi mnzake wamkulu Forth amagwira ntchito ndi mulu, umene akatswiri amati stack.

Muluwu uli ngati mbale zosanjikiza: yoikidwa pomaliza ndiyo imayamba kuchotsedwa. N'chifukwa chake wolemba Forth salemba 3 + 4 koma 3 4 +. Manambala awiri amakwera pamulu, chizindikiro chophatikiza chimawachotsa n'kusiyapo 7. Lamulo lililonse mu Forth limatchedwa word, kutanthauza mawu, ndipo pambali pake amalemba zimene limatenga pamulu ndi zimene limasiyapo.

Charles Moore ndiye anayambitsa Forth, ndipo pofika 1971 inkayendetsa makina ofufuzira zakuthambo ku Kitt Peak, ku Arizona. Forth ya masiku amenewo inalibe nazo ntchito za mafayilo. Inkadula disiki m'zigawo za mabayiti 1024, chilichonse n'kuchionetsa ngati mizere 16 ya zilembo 64. Mzere unkatha chifukwa malo atha, basi. Malamulo a ANS Forth a mu 1994 ndiwo anakhazikitsa mawu ngati OPEN-FILE, READ-LINE, WRITE-LINE ndi CLOSE-FILE.

Pamene pagona nkhani ndi pa READ-LINE. Mawuwa amafuna zinthu zitatu pamulu: malo oikapo zilembo, kuchuluka kwa zilembo zimene malowo angalandire, ndi nambala ya fayilo. Akamaliza amasiyanso zitatu. Pamwamba pamakhala ior, imene ikakhala 0 ndiye kuti zonse zayenda bwino. Pansi pake pali flag, yonena ngati mzere wapezeka kapena fayilo yatha, ndipo pansi penipeni pali chiwerengero cha zilembo zimene zawerengedwa. Ophunzira ambiri amathamangira chiwerengerochi, akaona 0 n'kuganiza kuti fayilo yatha. Ayi ndithu. Mlembi uja akadumpha mzere pakati pa mabanja awiri, mzere wopanda kanthuwo umabweretsanso 0, koma flag imati mzere ulipo. Pulogalamu yosamvera flag imaima pomwepo, ndipo mabanja onse a m'munsi amasowa papepala ngati kuti sanasonkhepo.

Chovuta china n'chakuti mkati mwa fayilo mulibe mizere yeniyeni, muli mabayiti ondondozana okha. Mzere ndi mgwirizano chabe, ndipo mgwirizanowo unachokera ku taipi zakale, zimene zinkabweza chonyamula pepala poyambira n'kukweza pepala mzere umodzi. Ntchito ziwirizi zinasanduka zizindikiro ziwiri: CR, nambala 13, ndi LF, nambala 10. Windows imamaliza mzere ndi zonse ziwiri, Linux ndi LF yekha, makompyuta akale a Macintosh ankalemba CR yekha. Malamulo a Forth amati malo olandirira mzere apose muyezo woperekedwa kwa READ-LINE ndi zilembo ziwiri pofuna kusiyira zizindikirozi mpata. Fayilo yolembedwa pa Windows ikawerengedwa ndi pulogalamu yoyembekezera LF yekha, dzina lililonse limatsala ndi CR wosaoneka kumapeto, ndiye "Phiri" wa m'fayilo safanana ndi "Phiri" amene munthu akumufufuza.

PostScript ili ndi readline yakeyake, imene imavomereza CR, LF kapena zonse pamodzi. Koma ndi yaukali: mzere ukatalika kuposa malo, imaima ndi cholakwa chotchedwa rangecheck. Forth imangobweza zimene zakwana, zotsalazo n'kudikira ulendo wina. Njira ya Forth ndi yabwino kwa wodziwa, koma wosasamala amapezeka wagawa dzina limodzi pawiri osazindikira.

Olemba Chichewa ali ndi kamsampha kawonso, chifukwa muyezo uja umawerenga mabayiti. Mu UTF-8 chilembo cha ŵ chimadya mabayiti awiri, choncho "Malaŵi" ali ndi zilembo 6 koma mabayiti 7, ndipo malire akagwera pakati pa ŵ pamatuluka zinyalala.

Kulemba n'kosavuta: WRITE-LINE imaika yokha chizindikiro chomalizira mzere. Komabe zolembedwazo zimatha kuchedwa m'memole mpaka FLUSH-FILE kapena CLOSE-FILE itazikankhira pa disiki. Ku Chitungwiza, kumene magetsi amathimathima, wolemba pulogalamu yosunga mayina ndi zosonkha za anthu aziitana FLUSH-FILE akangolemba mzere uliwonse wofunika, osadikira kutseka fayilo madzulo.